Gitala ya magetsi pa gule wa agogo, ulendo wanga wa ku Brittany

Lachinayi usiku, pa nyanja

Abale ndanyamuka. Ndikulemba ndili m'sitima ya pamadzi yochoka ku Plymouth kupita ku Roscoff, netiweki ikungobwera nkumapita ndiye kaya izi zikufikani nthawi yanji. Amene mumandifunsa kuti tchuthi cha chaka chino ndikapumira kuti, ndi ku France, koma osati ku Paris kojambulitsa kuja ayi, ndikupita kumudzi kwa alamu anga ku Brittany. Achemwali anakwatiwa ndi bambo a kumeneko ngakhale onse amakhala konkuno ku Mangalande, ndipo alamuwo atitopetsa nazo nyimbo zakwawo, ukangokwera galimoto yawo basi zitoliro zokuwa pamwamba pa gitala ya rock, eni ake akumenya chiwongolero ndi zala. Ine ndimangoti ndi phokoso. Iwo amvekere, alamu nyimbo izi si zomvera mutakhala pampando, tiyeni mukaone anthu akuvina kenako mudzanene. Ndiye uno ndi ulendowo.

Sitimayi nayo ili ndi mbiri yake. Kampani yake, Brittany Ferries, inayambitsidwa ndi alimi a ndiwo zamasamba a kuzungulira Roscoff amene ankafuna msika ku Britain, ndipo ulendo woyamba unali mu Januwale 1973, katundu wake kolifulawa. Lero mwadzaza magalimoto a anthu a patchuthi, njinga zili pamwamba, ana akuthamanga m'makolido. Ndikagone kaye.

Lachisanu

Tafika m'mawa kukuzizira pang'ono ngakhale uno ndi Ogasiti. Roscoff ndi katauni ka nyumba za miyala, pena paliponse akugulitsa anyezi wofiirira womanga pa chingwe. Anyezi ameneyu ndi amene amuna a kuno ankawoloka naye nyanja kukagulitsa khomo ndi khomo ku Britain atamukoleka pa njinga, Angerezi nkuwapatsa dzina loti ma Johnny. Tikudutsa pa chikwangwani cha mudzi wa Santec alamu anandiuza kuti ndiko kwawo kwa Denez Prigent, amene mu 1992 anakaima yekha pa siteji ya Transmusicales ku Rennes, chikondwerero cha anyamata okonda rock, nkuimba nyimbo zakale za chi Breton opanda chida chilichonse. Pambuyo pake ndi iye yemwe anadzayamba kuika nyimbo zomwezo pa mabiti a makina. Tinadutsa ku Morlaix pansi pa chimlatho cha sitima ya pamtunda chimene chimadutsa pamwamba pa madenga a tauni yonse, kenako mapiri ang'onoang'ono, ng'ombe, minda ya chimanga chodyetsa ziweto, mpaka kumudzi kwa makolo a alamu kufupi ndi Carhaix.

Koma nkhani ya lero ndi ya usikuwu, ndangobwera kumene miyendo ikunjenjemera. Gule wa usiku wa kuno amamutcha fest-noz. Anayala matabwa panja pafupi ndi holo ya mudzi, kasiteji kakang'ono, mbali ina akuwotcha soseji ndi kukazinga tizitumbuwa topyapyala ta ufa wakuda, mbali ina akugulitsa mowa ndi sayida wa maapozi. Polowa ndi ndalama zochepa chabe, ana ang'ono ulere. Oyamba kukwera pa siteji anali azibambo awiri, opanda chida, manja atagwirana m'mapewa. Wina amaimba mzere, atatsala pang'ono kumaliza mnzake amalowa pa mawu omalizawo nkuubwereza mzere womwewo, iyenso asanamalize woyamba uja walowa kale ndi wina. Ndiye mawu sadukiza olo pang'ono, wina akamapuma mpweya wina ali mkati. Kaimbidwe kameneka ndi kan ha diskan. Mphindi imodzi sinathe, anthu amene anali pa mowa aja anasiya makapu, anagwirana manja mzere wautali, mapazi nkuyamba kugunda matabwa onse pamodzi, di di di, mpaka umamva m'mimba.

Atatsika iwowo kunabwera ena awiri a zitoliro. China amati bombarde, chachifupi, chakukamwa kotambasuka, chili ndi timabango tiwiri pouzirapo, koma phokoso lake abale, sichifuna sipika. Chimadya mpweya kwambiri moti woimba amaimba mzere umodzi nkupuma. China amati biniou, kathumba kachikopa kopanikiza m'khwapa, kamalira mawu okwera kwambiri osalekeza, ndiye kamatseka mpata pamene wa bombarde akupuma. Ndi kupatsirana komwe kuja kwa oimba pakamwa.

Cha m'ma 11 koloko ndi pamene inakwera bandi imene alamu amaidikira, anyamata ndi mtsikana mmodzi, gitala ya magetsi, besi, ng'oma, akodiyoni ndi bombarde. Gitala inayamba yokha ndi kulira kokhakhala kuja kwa rock, ine nkuti eya tsopano agogowa akakhala pansi, achinyamata adumphedumphe. Ayi ndithu. Mzere unali womwewo, agogo a tsitsi la mbuu atagwirana ndi kamnyamata ka ndolo pamphuno, sitepe yomweyo imene amaponda pa nyimbo ya pakamwa ija, kungoti tsopano besi ikugunda limodzi ndi mapazi. Ndipo chimene chandidabwitsa kwambiri nchoti palibe amayang'ana ku siteji. Wa gitala akudzipinda, thukuta kamukamu, anthu amupatsa msana, maso ali pa mapazi kapena pa mnzawo wa kutsogolo. Palibe okweza foni kujambula kupatula ine.

Mayi ena achikulire anandikoka osandifunsa nkomwe, anakola kachala kanga kakanise ndi kawo, tinalowa. Gule ameneyo ndi an dro, wophweka mwa onse, kumanzere katatu ukusuntha, kenako katatu pamalo pomwepo, manja akupinda kutsogolo nkubwerera. Ukasokoneza palibe akukuseka, mzere umangokunyamula. Wina amati plinn ndiye ndinangoonera, timasitepe ting'onoting'ono todumpha mapazi ali phwatalala, mikono yothinana, osapuma kwa nthawi yaitali. Alamu akuti kale gule wotere ankavina pofuna kutsendera dothi la pabwalo lopunthira tirigu kapena pansi pa nyumba yatsopano, mwini wake amaitana mudzi wonse, ntchito nkugwirika anthu akusangalala. Ukaona mmene amapondera sungatsutse.

Loweruka

Ndadzuka mochedwa, akatumba a m'miyendo akuwawa. Pa kadzutsa madala, bambo awo a alamu, anandifunsa kudzera mwa mwana wawo kuti mwaona bwanji dzulo. Ndinati zinali bwino koma ndimadabwa kuti achikulire sakudana ndi gitala. Anaseka nkupita kuchipinda, anabwera ndi chimbale chakale chachikuto chong'ambika m'mbali, cha Alan Stivell, chojambulidwa pa konsati ya ku Olympia ku Paris mu Febuluwale 1972. Akuti iwo anali mnyamata nthawi imeneyo ndipo anthu a msinkhu wawo ambiri ankachita manyazi ndi zakumudzi, chi Breton chinali chilankhulo cha osauka, cha anthu onunkha ndowe. Makolo awo ali pa sukulu, mwana akagwidwa akulankhula chi Breton ankamukoleka kanthu m'khosi, kawirikawiri nsapato yamtengo, ndipo kuti aichotse amayenera kugwira mnzake wina. Apa ndinangoti zii chifukwa ife amene tinaphunzira m'sukulu zina za ku Malawi tikudziwa chilango cholankhulira Chichewa m'kalasi. Ana oleredwa motero atakula sanafune kuwaphunzitsa ana awo. Cha m'ma 1950 olankhula chi Breton anali pafupifupi miliyoni, pofika 2018 kafukufuku anapeza pafupifupi 200,000 ndipo ambiri ndi okalamba.

Ndiye tangoganizani mnyamata wokula ndi manyazi amenewo akumva pa wailesi nyimbo za agogo ake zikuimbidwa mu holo yotchuka ya ku Paris, ndi zeze, bombarde, ng'oma za rock ndi gitala ya magetsi ya Dan Ar Braz, anthu akukuwa. Zeze amene Stivell anayambira kuimba anamupangira ndi bambo ake omwe. Chimbalecho chinagulidwa kupitirira miliyoni. Madala akuti chaka chimenecho anyamata amene ankathawa gule wa kumudzi anayamba kufunsa amayi awo masitepe.

Koma anaonjezera kuti tisamupatse Stivell ulemu wonse. Fest-noz inali itatsala pang'ono kufa nkhondo yachiwiri itatha, mathirakitala atabwera ntchito zogwirira pamodzi zija zinatha, ndipo amene anaidzutsa m'ma 1950 ndi Loeiz Ropars wa ku Poullaouen, mudzi wa pafupi pompano, amene anayamba kusonkhanitsa oimba akale nkulowetsa guleyu m'maholo. Kunalinso amayi atatu apachibale a kwa Goadec a ku Treffrin, alimi wamba, amene anasunga nyimbo zambirimbiri pamtima mpaka anakaimba ku Paris atakalamba. Popanda amenewo gitala ikanapeza chiyani choti iperekeze. Mu 2012 UNESCO inaika fest-noz pa mndandanda wa chikhalidwe cha dziko lonse, madala amanena zimenezi mokweza mapewa ngati sizikuwakhudza koma nkhope ikuoneka kuti akunyadira.

Masana tinanyamuka kupita ku Lorient, kumwera kunyanja, kumene kukuchitika Festival Interceltique. Chikondwererochi chinayamba mu 1971, chimatenga masiku 10 kumayambiriro kwa Ogasiti ndipo chimasonkhanitsa a ku Brittany, Scotland, Ireland, Wales, Cornwall, Isle of Man, Galicia ndi Asturias, anthu obwera amapitirira theka la miliyoni. Tauniyo payokha si yokongola, ndinene zoona, nyumba za simenti zofanana, chifukwa inaphwasulidwa ndi mabomba mu 1943 pamene ankafuna kuwononga doko la sitima zankhondo zoyenda pansi pa madzi limene Ajeremani anamanga ku Keroman. Dokolo silinagwe, inagwa ndi tauni.

Ku sitediyamu ya Moustoir kunali mpikisano wa ma bagad, magulu akuluakulu a bombarde, zitoliro za thumba za mtundu wa ku Scotland ndi ng'oma, gulu limodzi anthu makumi angapo. Tinamvera pang'ono. Ndi zaluso kwambiri, zoyeserera miyezi, majaji ali ndi mapepala awo, koma anthu atakhala pa mipando ndipo ine mtima unali kale ku matabwa a dzulo aja.

Lamulungu

Lero ndi tsiku la pelete wamkulu, anthu anayamba kugwira malo m'mbali mwa msewu m'mamawa, ena ndi mipando yopinda. Anthu zikwi akuyenda m'magulu, azimayi ovala tizisoti toyera ta lesi tosiyana malinga ndi dera, ma bagad kutsatana kwa maola. Zokongola, koma dzuwa linatiwamba ndipo pofika pakati zitoliro zonse zinayamba kumveka chimodzimodzi m'makutu mwanga. Achemwali anatopa msanga tinakakhala pa bwalo lina pamene pali chifanizo cha Polig Monjarret atakhala pa benchi, mmodzi mwa amene anayambitsa bungwe la oimba zitoliro mu 1943, ana amangomukwera pamiyendo. Ndadya nsomba ndi mbatata ndagona. Za usiku ndaziphonya dala, mawa kuli bandi imene alamu akuti ndisaphonye.

Lolemba

Lero kunali mkangano ndipo ndi umene wandipangitsa kumvetsa zinthu.

Tinagula kabaji kolowera m'malo angapo a chikondwererochi, madzulo tinapita ku tenti ina yaikulu ya kudoko. Munadzaza. Mabandi awiri anaimba motsatana ndipo onse anali ndi zida zofanana, gitala, besi, ng'oma, bombarde, ina inaonjezera kiyibodi. Yoyamba inali ya anyamata odziwa kuimba zedi, woimba ng'oma wake ndi katswiri, amadzaza paliponse, apa wagubuduza, apa wadukiza dala kuti anthu adabwe, apa wathamangitsa. Nyimbo inalengezedwa kuti ndi ya gule wa gavotte. Anthu anagwirana, anayamba bwinobwino, koma pakati mzere unayamba kupindika, ena atsogola ena atsalira, achikulire angapo anamasula manja nkupita kukaima m'mbali. Palibe anakuwiza, kuno sachita zimenezo, anangochoka. Pomaliza amene anatsala kutsogolo ndi achinyamata akudumpha aliyense payekha ngati ku konsati ina iliyonse.

Yachiwiri phokoso linali lalikulu kuposa yoyamba, gitala yokhakhala kwambiri, koma wa ng'oma ankangomenya chinthu chimodzi osasuntha, ngati wauma mutu, besi nayo pompo. Onse amene anachoka aja anabwerera. Mizere inakhala itatu inayi yozungulirana ngati nkhono, matabwa akudumpha, ndipo apa ndi pamene ndinamva koyamba chimene alamu amamva m'galimoto muja.

Potuluka ine ndinati bandi yoyamba ndiyo inali ndi luso. Alamu anakana kwamtuwagalu. Anandiimika pa msewu pomwepo nkundiwerengera ndi mapazi: gavotte ya kumapiri kwawo ili ndi masitepe 8, ndipo pa 3 ndi 4 pali kasinthidwe ka phazi kofulumira, katatu m'malo mwa kawiri. Woimba ng'oma wa rock anazolowera kumenya mwamphamvu pa 2 ndi pa 4 nthawi zonse, ndiye akabwera ndi chizolowezi chimenecho osamvera mapazi, amaphimba kasinthidwe kaja ndipo wovina amasowa pogwira. Komanso guleyu amabwera m'zigawo zitatu, choyamba, kenako chapakati choyenda pang'onopang'ono kuti anthu apume, kenako chomaliza, ndipo bandi imene yadumpha chapakaticho chifukwa ikuona ngati nchozizira ndiye kuti sikudziwa kuti ikuimbira anthu a mapapo. Achemwali anati inu nonse mukukangana za ziii tiyeni tikagone, koma ine ndinali nditagwidwa kale.

Mmene ndikuonera tsopano, pa siteji ya fest-noz bwana si woimba. Ukhoza kubweretsa gitala, makina, chilichonse, anthu a kuno sakaniza, achikulire omwe amene ndimaganiza kuti adandaula ndi amene amayamba kulowa m'bwalo. Chimene sakhululuka ndi kuwasokonezera phazi. Luso la bandi yoyamba lija linali lodzionetsa lokha, ndipo ndikuganiza kuti m'holo ya mipando ndikanawaombera m'manja mpaka kuwawa, koma anaitanidwa kudzavinitsa anthu.

Alamu akuti amene anatsegula njira imeneyi ndi Ar Re Yaouank, bandi imene inayamba mu 1986 ndi anyamata awiri apachibale, Fred ndi Jean-Charles Guichen, wina akodiyoni wina gitala. Iwo analibe ngakhale ng'oma za rock, mphamvu yonse inkachokera m'kamenyedwe ka gitala ndi besi, koma m'ma 1990 ankadzaza maholo ndi achinyamata amene kale sankaponda ku fest-noz. Inatha mu 1998. Pambuyo pawo pabwera ambiri. Startijenn ndi anyamata amene anakumana ku sukulu za Diwan, sukulu zophunzitsa m'chi Breton zimene zinayamba mu 1977, ndiye kuti zidzukulu za ovala nsapato yamtengo m'khosi aja. Plantec amaika makina a kompyuta pansi pa bombarde ndi gitala. Red Cardell a ku Quimper anayamba mu 1992, awo amapendekera kwambiri ku rock yomvera. Ndipo ku Rennes mwezi wa Novembala kumakhala Yaouank, fest-noz ya anthu zikwizikwi mu holo ya ziwonetsero, usiku wonse mpaka m'bandakucha.

Amene andisangalatsa kwambiri mbiri yawo ndi Les Ramoneurs de menhirs, anayamba mu 2006. Wa gitala wawo, Loran, anachokera ku Bérurier Noir, bandi ya punk yotchuka ya m'ma 1980, ndipo amaimba ndi kamakina ka ng'oma, bombarde ndi biniou, tsitsi loimika, ndale zili pakamwa. Anthu amenewa ankakwera pa siteji ndi Louise Ebrel, mayi wachikulire, mwana wa mmodzi mwa amayi a kwa Goadec aja, iye akuimba nyimbo za amayi ake iwo akukhakhalitsa gitala kumbuyo. Louise anamwalira mu 2020. Alamu anandionetsa kavidiyo pa foni tili pa basi yobwerera kogona, ndinaseka mpaka anthu kutembenuka, koma mukamvetsera bwino phazi la guleyo lili pomwepo, kamakinako sikaphonya.

Lachiwiri

Kunagwa mvula m'mawa, yowaza chabe koma yosatha. Masana ndinapita ndekha ku maphunziro a magule a alendo, mphunzitsi akuwerenga mokweza ife tikupondana. Hanter dro ndaigwira, mikono yokolana mothina, kuwerenga katatu. Gavotte ndimaidziwa m'mutu koma ikafika pa 3 ndi 4 paja miyendo imachita zake.

Potuluka ndinabisala mvula pa khonde la bala ina ndipo mkati munali mtsikana akuimba chida chimene sindinachionepo. Chimakhala pamiyendo, thupi ngati gitala yonenepa, dzanja lamanja likupukusa chogwirira, lamanzere likudina timabatani. Amati vielle à roue. Mkati muli gudumu lamtengo lopaka utomoni limene limakhuza nsambo, ndiye mawu sadukiza, nsambo zina zimangolira mawu amodzi pansi nthawi yonse. Ndiye pali kamtengo kena kakang'ono komasuka pansi pa nsambo imodzi, akagwedeza dzanja mwamphamvu popukusa kamanjenjemera nkumalira dzzz dzzz, ndipo ndi kameneko kamene kamapereka biti. Munthu mmodzi, nyimbo, besi ndi ng'oma zonse zili m'bokosi limodzi. Iye anali atalumikiza ku timabokosi ta pansi timene a gitala za rock amaponda, ndiye nthawi zina chimalira ngati injini.

Atapuma ndinamugulira khofi tinacheza, Chingerezi chake chothyokathyoka koma timamvana. Si wa ku Brittany, ndi wa ku Auvergne, pakati pa France kumapiri, ndipo anandiuza mosabisa kuti zimamutopetsa kuti alendo amaganiza kuti nyimbo za makolo ku France ndi za ku Brittany zokha. Kwawo gule wamkulu ndi bourrée, savina mogwirana mzere, amavina awiriawiri kapena anayi moyang'anizana osakhudzana, kuyandikirana, kutalikirana, kudutsana, kuwerenga katatu mofulumira. Ku Berry amakonda ya kuwerenga kawiri. Chitoliro chawo cha thumba amati cabrette, cha chikopa cha mbuzi, sauzira ndi pakamwa koma ndi kamvukuto komangirira pa chigongono, ndipo woimba amakhala pampando nkumamenya mapazi onse awiri pansi, ndizo ng'oma zake. Anthu a ku Auvergne amene anasamukira ku Paris kukagulitsa makala ndi vinyo anapita nacho chitolirochi, chinakumana ndi akodiyoni ya Ataliyana, nkubadwa magule a bal musette amene lero timawamva m'mafilimu ngati nyimbo za Paris. Kusakaniza sikunayambe ndi magetsi.

Ku mbali ya rock anatchula Malicorne, imene Gabriel Yacoub anayambitsa mu 1973 atachoka mu bandi ya Stivell, iye anasankha kuimba nyimbo zakale za m'Chifalansa osati chi Breton, ndi vielle, besi ya magetsi ndi mawu ambiri oimbira pamodzi. Za masiku ano anandilembera mayina pa kapepala. Super Parquet, a kwawo, amaika cabrette ndi banjo pamodzi ndi makina nkumabwereza kachidutswa kamodzi ka bourrée mpaka mutu kuzungulira. Artús a ku Pau, kumwera, ankaimba m'chi Gascon ndi vielle yolemera ngati ya metal. Pali ina ya anthu atatu dzina lake France, vielle, besi ndi ng'oma, imene imatha kuimba nyimbo imodzi yokha konsati yonse osaima. Ndamvera pang'ono usiku uno pa foni. Ena mwa amenewa sakuimbiranso ovina kwenikweni, atenga kulira kosalekeza kuja nkupita nako kwina, ndipo ndinamufunsa ngati zimenezo si zomwe ndinaona dzulo kwa bandi yoyamba ija. Anati ayi, kusiyana kulipo, amene walemba pa chikwangwani kuti konsati achite zimene akufuna, koma amene walemba kuti bal walonjeza anthu kuti avina. Ndikuganiza kuti akunena zoona ngakhale malirewo sakhala oonekeratu nthawi zonse, Super Parquet yomweyo ndamva nyimbo ina imene sindikudziwa kuti munthu angaivine bwanji koma iye akuti kwawo amavina mpaka kucha.

Anatinso ngati ndikufuna kuona zida zimenezi zambiri ndidzapite mwezi wa Julaye ku Château d'Ars pafupi ndi La Châtre, kumene amisiri opanga ma vielle ndi zitoliro amasonkhana chaka ndi chaka, mwambo umene unayambira ku Saint-Chartier mu 1976. Mtengo wa vielle yabwino atanditchulira ndinangomwa khofi wanga.

Usiku tinabwerera ku fest-noz ya mu holo, achemwali nawo analowa m'bwalo lero, alamu kunyada ngati apambana chisankho. Kunali kutentha, mawindo onse nthunzi, ndipo bandi ina ya gitala ziwiri inaimba plinn yaitali moti malaya anga amachita kufinyika. Ndinalowa. Mayi amene anali kumanja kwanga anandipanikiza mkono mwamphamvu kuti ndisamadumphe kwambiri, plinn safuna kuuluka, amafuna pansi.

Lachitatu

Tabwerera kumudzi kudzatsanzika. Mayi awo a alamu atipakira mabisiketi a batala ndi botolo la sayida, madala andipatsa ma CD awiri akale akuti iwo makutu anayamba kuvuta. Ndinawauza za mkangano wa Lolemba uja, anamvetsera mwana wawo akumasulira, kenako anati onse awiri mabandiwo akanamva kaye abale a kwa Morvan, alimi a ku Saint-Nicodème amene aimba kan ha diskan zaka zoposa 50 atavala malaya a mandalasi ofanana, ndipo anaimbapo ngakhale pa siteji yaikulu ya Vieilles Charrues ku Carhaix konkuno pamaso pa khamu la okonda rock. Alamu anati bambo, nthawi imeneyo inapita, ana a lero akufuna besi. Madala anati besiyo aibweretse, ndani wakana. Anayambanso kukangana m'Chifalansa, ine ndi achemwali tinapita kukalongedza.

Amene mwandifunsa ku inbox za ndalama, chodula kwambiri ndi malo ogona ku Lorient sabata ya chikondwerero, muyenera kusungitsa miyezi ingapo isanafike apo ayi mukagona kutali nkumayendera basi ngati ife. Ma fest-noz a m'midzi ndiwo otchipa ndipo m'chilimwe amachitika pafupifupi sabata iliyonse, zikwangwani zake amazimata m'mphambano ndi pa mashopu a buledi. Amene muli ndi pasipoti ya Malawi muyambe msanga za viza ya Schengen. Nsapato tengani zafulati zothina bwino, ine ndinatenga zoterera ndipo chala chachikulu chatupa. Sitima ikunyamuka madzulo ano, mawa ndili pa shifiti ya usiku.